Mwana wakhoza masamu, nanga ndalama za ku yunivesite zichokera kuti?

Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zimatuluka chakumayambiriro kwa chaka, mvula ili pakati, chimanga chisanakhwime, m'matumba mwa anthu muli mbee. Ku Kapata ndi ku Mchini kuno ku Chipata, ngakhale m'midzi ya kwa Mpezeni ndi kwa Kawaza, funso limakhala limodzi: wapeza mapointi angati? Mwana akati 8 kapena 10, masamu wakhoza ndi 1, nthungululu zimalira, ndipo sipalephera kupezeka wamkulu wina wonena kuti, "Ameneyu musade naye nkhawa, boma limutenga pa basale." Mawu okoma amenewa agoneka ana ambiri anzeru pakhomo. Boma silibwera kudzagogoda pachitseko cha munthu, ndipo thandizo limene akuluakulu akulikumbukalo linasintha kalekale.

Ndalama zothandiza wophunzira masamu zilipo, koma zinaikidwa mosiyana ndi mmene ambiri timaganizira. Zaulere zenizeni, zosabweza, zimachuluka kutsogolo, munthu atatenga kale digiri yoyamba. Kumeneko wamasamu amachita kulimbiranidwa. Pachiyambi penipeni, pamene mwana wa mlimi wa nshawa akufunitsitsa womugwira dzanja, chimene chilipo kwenikweni ndi nkhongole. Choncho nkhondo yaikulu ili pa zaka zinayi zoyambazo, ndipo banja lodziwa zimenezi msanga limakonzeka mosiyana ndi banja lodikira kuti boma libwere.

Akuluakulu amene amakamba za basale sanama. Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa mu 1966, m'masiku a Kaunda, mkuwa unali ndi mtengo, ophunzira anali ochepa, ndipo boma linkalipira zonse. Mu 1973 kunakhazikitsidwa komiti yoona za thandizoli, Bursaries Committee, ndipo mpaka lero ana a pa yunivesite amati "ndili pa BC" kapena "BC yalowa" ndalama zikafika ku akaunti. Koma mtengo wa mkuwa unagwa, ophunzira anachuluka, thumba linaperewera. Kuyambira 2004 thandizoli linasanduka nkhongole. Kwa zaka zambiri panalibe wolondola nkhongolezo, mwakuti ambiri anamaliza sukulu, kuyamba ntchito, kukwatira, akuyesa kuti nkhani inatha. Mu 2016 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe latsopano, Higher Education Loans and Scholarships Board, limene timangoliti HELSB, ndipo mu 2018 bungweli linayamba kutolera ndalama kwa onse amene anathandizidwa kuyambira 2004. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma ambiri anadzidzimuka poona kuti malipiro awo ayamba kudulidwa mwezi ndi mwezi.

Nkhongoleyi siperekedwa mofanana kwa onse. Wina amamulipirira fizi yonse, wina 75 peresenti, wina theka, wina 25 peresenti yokha, malinga ndi mmene aonera kuvutika kwa banja lake. Pamwamba pa fizi pamakhala ya malo ogona, ya mabuku, ndi ya kafukufuku wa chaka chomaliza. Ndalama ya chakudya inachotsedwa mu 2019, m'nthawi ya nduna Nkandu Luo, ndipo ana ochokera kutali ngati kwathu kuno ndi amene anaona zakuda, chifukwa mnzawo wa ku Chelstone kapena ku Matero ankatha kukadya kunyumba. Boma la a Hakainde Hichilema linaibwezeretsa mu 2023. Thandizoli limapita kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, ndipo mayunivesite amenewo ali ku Lusaka, Kitwe, Kabwe, Chongwe, Chinsali, konse kutali ndi ife. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, pafupifupi tsiku lathunthu pa basi.

Popeza nkhani ndi ya masamu, tiyeni tiwerengere limodzi, pakuti mwana wofuna kusaina pepala la nkhongole ayenera kudziwa chimene akusaina. Chiwongola dzanja chinali 15 peresenti, kenako boma linachitsitsa kufika pa 10 peresenti kuyambira 2024. Munthu amapatsidwa chaka chimodzi chopumira akamaliza sukulu, ndipo amabweza kwa zaka zosapitirira 10. Tiyerekeze kuti pomaliza sukulu nkhongole yakwana K100,000, ndipo chiwongola dzanja chikuwerengedwa mwezi uliwonse pa ndalama yotsala. Pa 10 peresenti, munthu azilipira pafupifupi K1,320 pamwezi kwa miyezi 120, zonse pamodzi pafupifupi K158,600. Pa 15 peresenti akanalipira pafupifupi K1,610 pamwezi, zonse pamodzi pafupifupi K193,600. Kutsitsa kuja kwapulumutsa pafupifupi K35,000 pa chitsanzo chathuchi. Chiwerengero chenicheni cha munthu aliyense chimadalira sukulu yake ndi zimene analandira, koma chithunzi ndi chimenechi: mphunzitsi wongoyamba ntchito amaimva ndithu ndalama imeneyi ikamachoka.

Kodi ndiye mwana aikane? Ine ndikuti aitenge, koma aitenge maso ali poyera. Alimi a thonje amaidziwa bwino nkhani yotere: kampani imakupatsa mbewu ndi mankhwala pa nkhongole, ndipo pogulitsa imayamba yadula zake, kaya munda unachita bwino kaya ayi. Mwana akapita ku Lusaka n'kukatengeka ndi za m'tauni, n'kulephera, n'kuchotsedwa sukulu, digiri alibe koma nkhongole imamutsatirabe. Akalimbikira n'kumaliza bwino, nkhongole yomweyo ndi imene yamutsegulira makomo amene tikambe kutsogoloku. Palinso china chimene sitiyenera kuchinyalanyaza: ndalama zimene akale akubweza ndi zimene zikulipirira ana atsopano. Wothawa nkhongole yake akutsekera mng'ono wake wa ku Vubwi kapena ku Lumezi.

Pamene ana amagwera ndi pa mapepala

Choyamba ndi kupempha malo ku yunivesite. HELSB sipereka malo a sukulu, imangothandiza amene ali kale ndi kalata yomulandira. Ana ambiri a kumudzi amadikira kuti aitanidwe, osadziwa kuti ayenera kugula fomu, kuilemba ndi kuitumiza nthawi isanathe. Kalata ikabwera, m'pamene apemphe nkhongole bungweli likalengeza, ndipo masiku ano zambiri zimachitikira pa intaneti. Nthawi yopemphera imakhala yaifupi. Bungweli limayang'ananso chaka chimene mwana anamaliza Giredi 12, kotero kukhala pakhomo zaka zambiri uku akuti "tidzayesa chaka chamawa" kungamutayitse mwayi wonse.

Tsono taonani envulopu ya khaki imene mtsikana wa kumudzi wanyamula pokwera njinga ya hayala kupita ku tauni. Muli reji yake, zotsatira za mayeso, kalata ya ku yunivesite, ndi zithunzi. Akafika pa shopu yopanga fotokope m'pamene aona kuti pa reji dzina linalembedwa Tisauke pamene pa satifiketi ya mayeso analemba Tisawuke, kapena chaka chobadwa chasiyana. Bambo ake anamwalirira kumudzi, anaikidwa tsiku lotsatira, palibe amene anaganiza za pepala la imfa. Amayi ake salandira malipiro a pamwezi oti asonyeze, amangogulitsa tomato ndi zitumbuwa. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi njira yake: kalata ya amfumu yochitira umboni za imfa, kulumbira kwa woona za malumbiro kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, lipoti la a ofesi ya zachisamaliro cha anthu la mmene banja likukhalira. Koma njira zonsezi zimadya masiku ndi ndalama zoyendera, ndipo zikayambika fomu itatuluka kale, nthawi imatha mapepala asanakwane. Makolo, amalume, azakhali, ntchito imeneyi iyambeni mwana akangolemba mayeso, m'miyezi imene akungokhala podikira zotsatira. Nambala ya foni imene walemba pa fomu isasinthidwe, ndipo achinsinsi a imelo yake awasunge yekha, asawasiye kwa mnyamata wa pa shopu ya intaneti amene anamutsegulira.

Pali chinthu chokomera ana athu chimene ambiri sachidziwa. Pogawa nkhongole, bungweli limapatula gawo la ana amene anaphunzira m'masukulu a kumidzi, gawo la atsikana, ndi la olumala, kuti asapikisane mwachindunji ndi ana a m'masukulu otchuka a m'mizinda. Maphunziro a sayansi ndi masamu amaikidwanso patsogolo. Mtsikana wa ku Chadiza kapena ku Nyimba amene wakhoza masamu ndipo akufuna kuwapitiriza ali ndi mwayi woposa mmene iye mwini akuganizira.

Ena amathamangira kwa akhansala kukafunsa za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu. N'zoona kuti thumba limeneli linakula kwambiri, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Koma basale ya CDF ndi ya ana ovutika a m'masekondale ogonera komweko ndi ya achinyamata ophunzira ntchito zamanja m'makoleji a luso. Siinapangidwire digiri ya ku yunivesite. Ingathandize mwana wanzeru kuti akhale ku boding'i ku Chizongwe, ku St Monica's, ku Chassa kapena ku Petauke mpaka amalize Giredi 12, ndipo thandizo limenelo si laling'ono. Mabungwe monga CAMFED ndi FAWEZA nawonso amagwira kwambiri pa atsikana a msinkhu womwewo.

Kunena zoona, tsogolo la wamasamu limayamba kupangika kusekondale komweko, posankha maphunziro. Mwana amene anatenga Additional Mathematics ndi sayansi yopatula, ndiye kuti Physics payokha ndi Chemistry payokha, amakafika ku yunivesite atazolowera kale zimene anzake akuziona koyamba. Masukulu ambiri oyendera a kumidzi alibe kalasi yotere chifukwa chosowa aphunzitsi ndi malabu, ndipo apa m'pamene kusiyana kumayambira. Maphunziro atsopano amene anayamba mu 2025, obweretsa Fomu 1 mpaka 4 kenako Fomu 5 ndi 6, apangitsa kusankha kumeneku kukhala kofunika koposa kale.

Chinanso ndi Chingerezi. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi, 1 ndiye wapamwamba, 9 ndiye kulephera, ndipo wochepa mapointi ndiye wapambana. Mwana wina akhoza kupeza 1 masamu, 1 Additional Mathematics, 2 Physics, 2 Chemistry, 3 Biology, koma 6 Chingerezi. Pamodzi ndi 15. Akanapeza 2 Chingerezi akanakhala ndi 11, ndipo mapointi anayiwo ndi okwanira kumuchotsa pa mndandanda wa osankhidwa. Akapeza 7, khomo la yunivesite latsekeka mpaka atalembanso, ngakhale masamu akhale owala chotani. Aphunzitsi a masamu amene ali ndi mwana wotere m'kalasi mwawo achite chifundo, amukankhire kwa mnzawo wa Chingerezi nthawi ikadalipo.

Ku Yunivesite ya Zambia masamu amaphunzitsidwa m'dipatimenti ya masamu, pansi pa sukulu ya sayansi imene ana amangoiti NS. Mwambo wa kumeneko wakhala wakuti a chaka choyamba amaphunzira masamu, Physics, Chemistry ndi Biology onse pamodzi, kenako amapikisana kuti alowe udokotala, uinjiniya, za migodi kapena zaulimi. Zotsatira zake, mwana wokonda masamu amakokedwa ndi achibale kuti apite ku udokotala, ndipo wotsala ku masamu amaonedwa ngati amene analephera kulowa kwina. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo atitayitsa akatswiri ambiri. Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe, imene inayamba mu 1987, ili ndi sukulu yakeyake ya masamu ndi sayansi. Mukuba, ku Kitwe komweko, imasula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndipo Kwame Nkrumah ku Kabwe ndi Chalimbana ku Chongwe nazonso ndi za uphunzitsi. Amene sangathe kupita kutali ali ndi koleji ya aphunzitsi ya ku Chipata konkuno, ndipo ambiri anayambira pamenepo n'kudzawonjezera digiri ali kale pantchito.

Makolo amafunsa moona mtima kuti, "Nanga masamu okhaokhawo adzadya chiyani?" Uphunzitsi ulipo, ndipo mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Koma si wokhawo. Kalembera wa 2022, amene anapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 19 miliyoni, anakonzedwa ndi kuwerengedwa ndi anthu a ziwerengero a ku ZamStats. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi thumba la penshoni la NAPSA amafuna anthu odziwa kuwerengera za kutsogolo: ndi angati adzapuma ntchito, adzakhala ndi moyo zaka zingati, pafunika kusunga zingati lero. Pafupi pompa, ku Msekera, kumene kunachokera nshawa za MGV 4 ndi MGV 5, mbewu yatsopano siituluka chifukwa wina waiona kuti ndi yokongola. Amaidzala m'timinda tating'onoting'ono mobwerezabwereza, m'malo osiyana ndi m'zaka zosiyana, ndipo pamafunika wodziwa ziwerengero kuti anene ngati kuchuluka kwa zokolola kwachokeradi ku mbewuyo kapena ku mvula ndi nthaka ya chaka chimenecho.

Pali njira inanso ya digiri yoyamba. Maiko monga Russia, China, India, Algeria ndi Morocco amapereka malo kwa ana a Zambia kudzera m'boma, ndipo HELSB ndi imene imalengeza ndi kusankha. Malo amakhala ochepa, amafuna mapointi otsika kwambiri, ndipo kumaiko ena mwana amayamba wathera chaka akuphunzira chilankhulo cha kumeneko. Pafunika pasipoti ndi mapepala a kuchipatala, ndiponso mtima wolimba, pakuti kubwera kumaliro kuchokera ku Moscow si kwapafupi.

Kumene zaulere zili

Munthu akamaliza digiri yoyamba bwino, zinthu zimatembenuka. Malo amene wamasamu aliyense wa kwathu ayenera kuwadziwa kuyambira chaka chake choyamba ndi African Institute for Mathematical Sciences, mwachidule AIMS. Anaiyambitsa mu 2003 ndi Neil Turok, katswiri wa Physics wobadwira ku South Africa, m'nyumba imene kale inali hotela ku Muizenberg, m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Cape Town. Pambuyo pake nthambi zinatsegulidwa ku Senegal mu 2011, ku Ghana mu 2012, ku Cameroon mu 2013 ndi ku Rwanda mu 2016. Wosankhidwa salipira kanthu: fizi, malo ogona, chakudya ndi ulendo zonse ndi za iwo, ndipo palibe chobweza. Maphunziro ndi a chaka chimodzi, a digiri ya masters. Ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa amagona, kudya ndi kuphunzira m'nyumba imodzi, ndipo aphunzitsi amabwera kuchokera m'mayunivesite a padziko lonse, aliyense kudzaphunzitsa kwa milungu itatu n'kupatsa mpata wina. Phindu lalikulu lagona pamenepo, chifukwa mphunzitsi amene wakuona ukulimbana ndi funso mpaka usiku ndi amene adzakulembera kalata yokupezera malo a PhD, digiri yapamwamba koposa, kwawo. Amalandira amene ali ndi digiri ya masamu, sayansi kapena uinjiniya yokhala ndi masamu okwanira, ndipo amayesetsa kuti akazi akhale ambiri. Mu 2018 anawonjezera maphunziro a nzeru za makina ku Kigali mothandizidwa ndi Google ndi Facebook.

Ku Trieste, m'dziko la Italy, kuli ICTP, sukulu ya kafukufuku wa Physics ndi masamu, imene anaiyambitsa mu 1964 ndi Abdus Salam wa ku Pakistan, amene anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1979. Iye anaona mmene wasayansi wa m'dziko losauka amafotera chifukwa chosowa anzake okambirana nawo. Kumeneko kuli maphunziro a chaka chimodzi olipiriridwa zonse, okonzekeretsa ana a m'maiko ngati lathu kuti akalowe PhD, ndipo masamu ndi limodzi mwa magawo ake.

Palinso masikolashipu amene sali a masamu okha koma wamasamu akhoza kupikisana nawo. Beit Trust imathandiza anthu a maiko atatu okha, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, kukachita maphunziro apamwamba ku Britain kapena ku South Africa. Chumacho chinasiyidwa ndi Alfred Beit, amene anamwalira mu 1906, ndipo ndi thumba lomwelo limene linamanga mlatho woyamba wa pa Luangwa m'zaka za m'ma 1930, umene unalumikiza chigawo chathu ndi Lusaka. Sikolashipu ya Rhodes imatumiza anthu awiri a Zambia pachaka ku Yunivesite ya Oxford, ku Britain. Ife a kuno dzina limenelo timalidziwa, popeza Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, linali la mnzake wa Cecil Rhodes, Leander Starr Jameson. Chuma chimenecho chinakumbidwa m'nthaka ya kuno kummwera kwa Africa, ndipo mwana wa kwa Mpezeni asachite manyazi kuchipempha. Sikolashipu ya Commonwealth inakhazikitsidwa mu 1959. Chevening, ya boma la Britain, imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka ziwiri ndipo abwerere kwawo akamaliza. Mastercard Foundation imalipirira ana osauka anzeru m'mayunivesite angapo a mu Africa ndi kunja, ena kuyambira pa digiri yoyamba.

Onsewa amayang'ana zinthu zofanana. Amafuna pepala losonyeza magiredi a kosi iliyonse kuyambira chaka choyamba, kotero chaka choyamba chotayidwa chimaonekerabe patapita zaka zisanu. Ku Yunivesite ya Zambia digiri imatuluka ndi Distinction, Merit, Credit kapena Pass, ndipo wofuna zakunjazi alimbane kuti asatsike pa Merit. Amafunanso makalata awiri kapena atatu ochokera kwa aphunzitsi omudziwa. Apa ana athu amadzipweteka ndi ulemu umene tinawaphunzitsa tokha. Mwana woleredwa bwino wa kwathu amakhala kumbuyo m'kalasi, sayang'ana wamkulu m'maso, safunsa funso, amamaliza zaka zinayi popanda lekichara ngakhale mmodzi wodziwa dzina lake. Tsiku lopempha kalata, lekicharayo alibe choti alembe. Kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi ndi funso la masamu si mwano, ndipo makolo ayenera kuuza ana awo zimenezi asanakwere basi.

Za mphotho ndi mipikisano tingonenapo mwachidule. Kusekondale kuli JETS, kalabu ya ana okonda sayansi ndi masamu, imene yakhalapo kuyambira 1968, yokhala ndi mipikisano yoyambira pa sukulu, pa boma, pa chigawo mpaka dziko lonse. Mu Africa muli Pan African Mathematics Olympiad, imene inachitika koyamba ku Morocco mu 1987. Mafunso a mipikisano yotere sakhala a m'buku la kalasi, amafuna kuganiza, ndipo mwana amene wawalawa savutika kwambiri ndi masamu a ku yunivesite, kumene ntchito yaikulu ndi kutsimikizira chifukwa chake chinthu chili choona. Satifiketi ya JETS isatayidwe, isungidwe mu envulopu ija. Pa mwambo womaliza maphunziro, mayunivesite amapereka mphotho kwa opambana m'maphunziro osiyanasiyana. Ndalama yake siikhala yambiri, koma dzina limalembedwa, ndipo yunivesite imatha kusunga wopambanayo kuti imuphunzitse mpaka adzakhale lekichara. Mphotho zikuluzikulu zapadziko, monga Fields Medal yoperekedwa zaka zinayi zilizonse kwa osapitirira zaka 40, ndi za amene apeza zatsopano m'masamu. Mkazi woyamba kuilandira anali Maryam Mirzakhani wa ku Iran mu 2014.

Chenjerani ndi akamberembere. Nyengo ya zotsatira ikafika, pa Facebook ndi pa WhatsApp pamadzaza mauthenga olonjeza sikolashipu ya kunja, bola mutumize kandalama pa foni kuti dzina lilowe. Enanso amati ali ndi munthu wawo mkati amene angakonze za nkhongole. Mabanja agulitsa mbuzi, ena ng'ombe, chifukwa cha anthu otere. Mabungwe amene tatchulawa amalengeza pa masamba awoawo a intaneti ndi m'manyuzipepala, ndipo satumiza munthu kudzatolera ndalama pa nambala yake. Mukakayika, pitani kwa ahedi kapena kwa aphunzitsi olangiza ana pa sukulu imene mwana anaphunzira.

Chotsala ndi ndalama imene palibe bungwe limene limaipereka, ndipo ndi imene imagwetsa ambiri pakati pa kalata yolandiridwa ndi tsiku loyamba m'kalasi. Fomu ya yunivesite ndi yogula. Mafotokope ndi zidindo n'zolipira. Basi ya ku Lusaka, chikwama, bulangete, mapoto, kastovu, zonse ndi za banja. Zipinda za pa yunivesite sizikwanira, moti ambiri amagona mopanikizana m'chipinda cha mnzawo kapena amachita lendi ku Kalingalinga ndi madera oyandikira, ndipo eni nyumba amafuna zawo mwezi usanayambe. Maina a olandira nkhongole amatha kutuluka sukulu itatsegulidwa kale, ndipo ndalama yoyamba imatenga nthawi kuti ilowe, kotero mwana afunika chodya cha mwezi umodzi kapena iwiri kuchokera kunyumba. Amene wapatsidwa 75 peresenti ayenera kupeza yekha 25 yotsalayo chaka chilichonse, apo ayi salembetsa ndipo mayeso salemba. Wamasamu afunikanso laputopu pofika chaka chachiwiri, ngakhale yakale, chifukwa ziwerengero ndi mapulogalamu a kompyuta saphunzirira pa foni.

Vuto ndi lakuti zonsezi zimafunika m'miyezi ya njala, pamene ndalama za kwathu zimabwera pa nthawi yokolola. Banja limene lili ndi mwana wa masamu mu Giredi 12 chaka chino liyenera kupatula matumba angapo a soya kapena nshawa pa malonda a Juni ndi Julayi, mwanayo asanalembe n'komwe mayeso, ndalamayo n'kuisunga ku gulu la banki ya m'mudzi kapena ku akaunti imene siikhudzidwa pogula feteleza. Achibale a m'tauni auzidwe nthawi yomweyo kuti aliyense adziwe gawo lake: uyu basi, uyu lendi ya miyezi iwiri, uyu fomu. Mipingo ndi magulu a amene anaphunzira kale pa sukulu monga Chizongwe ndi St Monica's angathenso kusonkha kathumba ka ulendo woyamba wokha, K3,000 kapena K5,000 pa mwana, n'kupempha ahedi a masukulu a kumidzi kuti chaka chilichonse azipereka maina a ana awiri kapena atatu amene akhoza masamu koposa.